Manegetivi Akamangotuluka Otumbuluka: Mmene Mungapezere Gwero la Vuto

Filimu yatha, mwaitsuka kapena mwakatsukitsa, koma zithunzi zabwera zotuwa. Malo oyenera kuda bii ali odzaza timadontho, tsitsi la munthu langokhala chigamba chimodzi, ndipo amene anaima pamthunzi nkhope yake sikudziwika. Mukaimika negetivi pa kuwala mukupeza kuti ndi yotumbuluka, yoonekera moti mungathe kuwerenga zolembedwa papepala kuseri kwake. Mwayesa filimu ina, zomwezo.

Chimene chimandidandaulitsa ndi mmene anthu ambiri amalimbanirana ndi vutoli. Amasintha zonse nthawi imodzi: filimu ya kampani ina, mankhwala ena, kotsukitsa kwina, mwinanso kamera ina. Vuto likatha sadziwa chimene chalithetsa, ndipo likabwerera amayambanso kupapasa. Chonsecho negetivi imakhala itanena kale pamene palakwika. Siliva, amene ndiye amadetsa negetivi, akachepa zifukwa zikuluzikulu ndi ziwiri: kuwala kunafika kochepa pojambula, kapena mankhwala sanagwire ntchito mokwanira potsuka. Zifukwa ziwirizi zimasiya zizindikiro zosiyana.

Pofufuza, chithunzi cha pa kompyuta kapena pa foni chisiyeni kaye. Sikana ikalandira negetivi yofooka imaikokera yokha kuti ifanane ndi chithunzi wamba, ndiye pokokerapo imatukula timadontho ndi kutuwitsa malo akuda. Zimene mukuonazo ndi zimene makina asankha, osati zimene filimu inagwira. Ngati mumakatsukitsa, muzitenga manegetivi anu nthawi zonse. Opanda iwo mulibe poyambira.

Zimene zimachitika shutter ikatseguka

Filimu ili ndi mbali ziwiri. Pansi pali pulasitiki yoonekera, ya acetate kapena polyester, imene ntchito yake ndi kunyamula basi. Pamwamba, mbali yosanyezimira ija, anapakapo gelatin wopyapyala kuposa tsitsi, ndipo m'kati mwake muli timibulu tosawerengeka ta mchere wa siliva, makamaka silver bromide wosakaniza ndi iodide pang'ono. Kam'bulu kamodzi kukula kwake kumakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita, tina tocheperapo. Timibulu tikuluko timakola kuwala kochuluka, n'chifukwa chake filimu ya ISO 400 imajambula pamalo odera kuposa ya ISO 100, komanso timadontho take timaoneka kwambiri (ISO ndi nambala yosonyeza mmene filimu imamvera kuwala).

Kuwala kumafika m'tizidutswa totchedwa photon. Photon ikamezedwa ndi kam'bulu, imamasula elekitironi imodzi. Elekitironi ija imayendayenda m'kam'bulumo mpaka itakodwa pa kachilema kena, kamene opanga filimu amaika dala pogwiritsa ntchito sulufule ndi golide. Itakodwa pamenepo imakoka kachidutswa ka siliva kosowa elekitironi imodzi, ndipo ziwirizi zikakumana pamabadwa atomu imodzi ya siliva weniweni. Atomu imodzi payokha siilimba, ikachedwa kupeza inzake imaphwasuka. Pamafunika maatomu 3 kapena 4 pamalo amodzi kuti pakhale kadontho kokhazikika. Ronald Gurney ndi Nevill Mott ndi amene analongosola zimenezi mu 1938. Timadontho timeneti, tofalikira pa filimu monga mmene kuwala kunagwera, ndiye chithunzi chobisika. Palibe diso lingachione.

Developer, mankhwala oyamba otsukira filimu, ndi amene amachionetsa. Mankhwala ake, monga metol, hydroquinone kapena phenidone, amapereka maelekitironi, ndipo polowera pake ndi kadontho kaja. Kam'bulu kokhala ndi kadontho kamasanduka siliva wakuda kathunthu, moti ntchito ya maatomu ochepa aja imachulukitsidwa pafupifupi ka biliyoni. Kam'bulu kopanda kadontho amakalambalala. Kenako fixer, amene ndi thiosulfate, amasungunula timibulu tonse totsala, n'kusiya pulasitiki yoonekera. John Herschel anapeza mu 1819 kuti mankhwala amenewa amasungunula mchere wa siliva. Motero pamene panali kuwala kochuluka, monga kumwamba kapena malaya oyera, negetivi imada, ndipo pamene panali mthunzi imaonekera.

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Developer ali ngati mvula: imameretsa pamene padzalidwa mbewu, koma posadzala ngakhale igwe sabata yathunthu pamangomera udzu. Mumthunzi, timibulu tambiri timakhala titalandira photon imodzi kapena ziwiri zokha, zosakwanira. Mukatalikitsa nthawi ya m'thanki yotsukira filimu simupanga chithunzi pamenepo, mumangodetsa malo amene anali ndi kuwala kale, ndipo mukapitirira muyeso developer amayamba kudetsa timibulu tosakhudzidwa n'komwe, filimu yonse n'kuchita chifunga. Ferdinand Hurter ndi Vero Driffield anayeza zimenezi mu 1890, ndipo zimene anapeza zikugwirabe ntchito: nthawi yotsukira imasintha kwambiri malo owala a chithunzi, koma mithunzi imasuntha pang'ono zedi. Mithunzi imagamulidwa pa kanthawi kamene shutter, chitseko cha m'kamera cholowetsa kuwala, inali yotsegula.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi amene amati filimu ya ISO 400 mukaijambula pa 1600 n'kuitsuka nthawi yaitali "imasanduka" ya 1600. Siisanduka. Njira imeneyi, yotchedwa push, ndi yothandiza usiku pamene palibe kuchitira mwina, ndipo zithunzi zake zimatha kukongola, koma mithunzi mumakhala mwaitaya mwadala.

Werengani m'mphepete mwa filimu

M'mphepete mwa filimu, pafupi ndi timabowo tija, muli dzina la filimu ndi manambala a zithunzi. Zilembo zimenezi si inki. Kufakitale anazijambula ndi kuwala, zinakhala zobisika, ndipo zimatuluka m'thanki limodzi ndi zithunzi zanu. Kamera yanu sinazikhudze, choncho zimachitira umboni za katsukidwe kokha. Onaninso lilime la filimu ya 35mm, kachigawo kamene kanali panja poika filimu m'kamera. Kanamwa kuwala kokwanira, ndiye kayenera kuda bii.

Zilembo zikakhala zakuda bwino, lilime lakuda, koma zithunzi zotumbuluka, mankhwala alibe mlandu. Kuwala ndiko kunachepa. Mukayang'anitsitsa mupeza kuti malo owala a chithunzi ali ndi siliva ndithu, koma m'mithunzi mulibe kanthu, muli chimodzimodzi ndi mpata wa pakati pa zithunzi.

Zilembo zikakhala zotuwa, lilime loonekera, vuto lili m'thanki. Negetivi yotere mithunzi yake imakhala ndi tizinthu tooneka, kungoti palibe malo akuda kwenikweni. Yonse imakhala yofooka mofanana. Imeneyi ndi yosavuta kuipulumutsa posindikiza, poti chithunzi chilipo.

Filimu yoonekera yonse koma zilembo zilipo, ndiye kuti kuwala sikunalowe m'pang'ono pomwe. Kawirikawiri lilime linapulumuka pa chokokera, filimu n'kukhala m'chigoba chake inu mukungodina. Poika filimu muzionetsetsa kuti kachitsulo kobwezera filimu kakuzungulira pamene mukukoka. Pa kamera ya rangefinder, imene diso lanu silidzera m'lenzi, chivundikiro cha lenzi n'chosavuta kuiwala. Filimu yoonekera yonse yopanda ndi zilembo zomwe, ndiye kuti fixer analowa developer asanalowe, kapena developer anali wakufiratu. Zimachitikanso filimu yakuda ndi yoyera ikalowetsedwa m'makina a C-41 otsukira filimu ya mitundu, chifukwa makinawo amachotsa siliva yense.

Chenjezo limodzi: makampani sadetsa zilembozi mofanana, ndipo mafilimu ena alibe zilembo. Yerekezerani ndi negetivi ya filimu ya mtundu womwewo imene inatuluka bwino.

Kuwala kukakhala kuti ndiko kunachepa

Yambani ndi chophweka. Nambala ya ISO pa kamera ikugwirizana ndi filimu? Ojambula amawerengera kuwala m'masitopu, ndipo sitopu imodzi ndi kuchulukitsa kawiri kapena kudula pakati. Filimu ya ISO 100 kamera itasiyidwa pa 400 imalandira gawo limodzi lokha mwa magawo 4 a kuwala kofunika. Onaninso kagudumu kolembedwa +1, 0, -1, -2, chifukwa kakatsalira pa -2 zithunzi zonse zimavulala mofanana.

Kenako yesani mita, choyezera kuwala cha m'kamera, popanda kuwononga filimu. Dzuwa likuwala bwino masana, chinthu chowalidwa chakutsogolo chimafuna bowo la lenzi la f/16 ndi liwiro la shutter loyandikana ndi nambala ya ISO. Pa ISO 100 ndi 1/125 ya sekondi, pa ISO 400 ndi 1/500. Lozetsani kamera pa kapinga kapena msewu wotuwa, dzuwa lili kumbuyo kwanu. Mita ikanena zosiyana ndi zimenezi kuposa sitopu imodzi, ikayikireni. Pulogalamu yoyezera kuwala ya pa foni ingakhale mboni yachiwiri.

Mita ikanama, kawirikawiri ndi nkhani ya batire. Makamera ambiri a m'ma 1960 ndi 1970, monga Olympus OM-1, Minolta SR-T 101 ndi Canonet QL17, anapangidwira batire la mercury la mavoti 1.35, limene linasiya kupangidwa chifukwa cha poizoni wake. Batire la alkaline lofanana kukula limalowa bwinobwino, koma lili ndi mavoti 1.5. Mita imaona ngati kwawala kuposa mmene kulili, n'kukuuzani kuti muchepetse kuwala. Choipa china n'chakuti mphamvu ya alkaline imatsika pang'onopang'ono, ndiye cholakwacho sichikhala pamodzi, moti simungachikonze pongosuntha ISO kamodzi. Batire la zinc-air, la mtundu wa m'timakina tothandiza kumva, lili pafupi ndi mavoti 1.4 ndipo limagwira bwino, kungoti limatha m'miyezi yochepa. Njira yokhalitsa ndi adaputala yotsitsa mphamvu ya batire la silver oxide, kapena kukakonzetsa mita kwa mmisiri. Si makamera onse ali ndi vutoli. Pentax Spotmatic, mwachitsanzo, mita yake siisokonezeka ndi kusiyana kumeneku. Mita za selenium, zosafuna batire zija, zimakalamba ndi zaka, ndipo yakale iliyonse iyenera kuyesedwa musanaidalire.

Palinso makamera amene batire likafa amalirabe ngati ajambula bwino. Yashica Electro 35 ikakhala yopanda mphamvu imajambula pa 1/500 basi. Zithunzi za padzuwa zimatulukako, za m'nyumba zonse mbee. Mukaona negetivi yotere, yoti za panja zili bwino koma zapodera zilibe kanthu, ganizirani batire ndi mawaya ake.

Mita yabwinobwino nayo imasokeretsa munthu wosaidziwa. Iyo siidziwa chimene ikuyang'ana, imangoyesa kuti chilichonse chituluke chotuwa mwapakatikati. Ikaona khoma loyera, mchenga, nyanja kapena kumwamba kwakukulu, imadula kuwala kuti zoyerazo zituwe, ndipo munthu amene ali patsogolo pake amamira mumdima. Chizindikiro chake n'chakuti pa filimu imodzimodziyo zithunzi zina zili bwino, zotumbuluka ndi zokhazo zimene kumbuyo kunali kowala. Yezani kuwala mutaweramitsa kamera kuti kumwamba kusalowe, kapena yandikirani munthuyo, kapena onjezerani sitopu imodzi kapena ziwiri. Filimu ya negetivi imapirira kuwala kochulukirapo kuposa kochepa, choncho mukakayika onjezerani.

Amene mumagwiritsa ntchito mita ya m'manja kumbukirani kuti siiona zimene zili pa lenzi. Fyuluta yachikasu imadya pafupifupi sitopu imodzi, yofiira kwambiri masitopu 3. Pojambula chinthu chapafupi moti kukula kwake pa filimu n'kofanana ndi kukula kwake kwenikweni, kutalikitsa kwa lenzi kumadya masitopu 2.

Nanga shutter? Anthu amafulumira kuiloza chala, koma shutter yokalamba nthawi zambiri imachedwa, ndipo yochedwa imadetsa negetivi, siitumbulutsa. Pamene imalakwadi ndi pa liwiro lalikulu, 1/500 ndi 1/1000, pa makamera a shutter ya nsalu ziwiri zothamangitsana. Nsalu yachiwiri ikaipeza yoyamba zisanafike kumapeto, mbali imodzi ya chithunzi imatumbuluka kapena kusowa. Mungathe kuona nokha: tsegulani kumbuyo kamera ilibe filimu, chotsani lenzi, lozetsani pa khoma lowala, dinani. Kuwala kuyenera kuoneka pawindo lonse. Izi amakonza ndi mmisiri, musathiremo mafuta. Chithunzi chodukiza pakati, mbali ina bwino mbali ina yopanda kanthu, chojambulidwa ndi fulashi, ndi liwiro lopitirira limene kamera imalola, limene pa makamera ambiri akale ndi 1/60.

Zithunzi za usiku zokha

Pali anthu amene masana zonse zimawayendera, koma akaimika kamera pa miyendo yake usiku, kuyeza bwino, kutsegula shutter masekondi 30, negetivi imatulukabe yotumbuluka. Kamera ilibe vuto, mita ilibe vuto. Ndi maatomu aja. Kuwala kukakhala kofooka kwambiri, ma photon amafika pa kam'bulu motalikirana. Atomu yoyamba imabadwa, imadikira, imaphwasuka yachiwiri isanabwere, ndiye ntchito imayambiranso. Kuwala kumene kukanakwanira kukanabwera nthawi imodzi kumatayika pobwera modontheza. Karl Schwarzschild, katswiri wa zakuthambo, analifufuza vutoli chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 pojambula nyenyezi, ndipo dzina lake linakhalira pomwepo.

Kwa mafilimu ambiri vutoli limayamba kupitirira sekondi imodzi, ndipo filimu iliyonse ili ndi khalidwe lake. Pa Ilford HP5 Plus, mita ikanena masekondi 10 mupereke pafupifupi 20, ikanena 30 mupereke pafupifupi 86, ikanena mphindi imodzi mupereke mphindi zitatu ndi theka. Fujifilm Acros siifuna kuonjezera mpaka masekondi 120. Manambalawa ali pa pepala la malangizo la filimu iliyonse. Dziwaninso kuti malo owala, monga nyale za mumsewu, sakhudzidwa ndi vutoli, choncho mukaonjezera nthawi amada kwambiri. Kudulako pang'ono nthawi ya m'thanki kumathandiza.

Vuto likakhala m'thanki

Choyamba kukayikira ndi developer wokalamba. Ntchito yake ndi kupereka maelekitironi, ndipo mpweya wa m'botolo umawalandira mosangalala chimodzimodzi ndi siliva. Kampani ya Kodak imanena kuti developer wake wa D-76 wosungunula kale amakhala miyezi 6 m'botolo lodzaza lotseka bwino, koma miyezi 2 yokha m'botolo lofika pakati. Ena akaonongeka amasanduka abulauni, koma mtundu si umboni wokwanira. Rodinal, amene wakhala akupangidwa kuyambira 1891, amatha kuda bii m'botolo n'kumagwirabe ntchito zaka zambiri, pamene Xtol amatha kufa akuoneka woyera ngati madzi. Musanaike filimu yofunika, dulani kachidutswa ka lilime, kaviikeni mu developer magetsi akuyaka kwa nthawi yonse yoyenera, kenako mu fixer. Kayenera kuda moti babu n'kumaoneka movutikira kuseri kwake. Kakatuwa, tayani mankhwalawo. Lembani tsiku losungunulira pa botolo lililonse, ndipo muzisunga m'mabotolo ang'onoang'ono odzaza mpaka kukamwa.

Chachiwiri ndi kusakaniza ndi nthawi. HP5 Plus mu developer wa ID-11 wosathira madzi amafuna mphindi 7 ndi theka pa madigiri 20. Mukasakaniza gawo limodzi la mankhwala ndi limodzi la madzi, nthawi imakhala mphindi 13. Wowerenga mzere wolakwika pa tchati amatulutsa filimu itangodutsa pang'ono theka la ulendo. Kusungunula kwambiri kulinso ndi malire ake, chifukwa filimu iliyonse imafuna mlingo wakutiwakuti wa mankhwala enieni. Pa Xtol ndi mamililita 100 osathira madzi pa filimu imodzi ya zithunzi 36. Akachepa amatha mphamvu ntchito isanathe, ndipo kuonjezera nthawi sikuthandiza.

Chachitatu ndi kutentha. Matchati a filimu yakuda ndi yoyera amawerengera madigiri 20. Digiri iliyonse yotsika imafuna kuonjezera nthawi ndi pafupifupi 10 peresenti, ndipo kukazizira kwambiri hydroquinone amafooka msanga kuposa anzake, moti malo owala a chithunzi sakhwima. Yezani developer weniweniyo nthawi yothira, osati madzi a pampopi mphindi 20 zapitazo, ndipo kumbukirani kuti thanki yozizira imaziziritsa zimene mwathiramo. Choyezera kutentha nachonso chimanama. Chiyerekezereni ndi china kamodzi pakanthawi.

Kugwedeza thanki kumabweretsa mankhwala atsopano pa filimu ndi kuchotsa bromide amene amatuluka siliva akamapangika, poti bromide ameneyu amachedwetsa ntchito. Ilford amalangiza kutembenuza thanki ka 4 m'masekondi 10 oyambirira a mphindi iliyonse. Njira zina ziliponso, chachikulu n'kusankha imodzi n'kuikakamira. Mzere wotumbuluka wotsata mphepete imodzi ya filimu yonse ndi mankhwala osakwanira kumiza chokulungira filimu m'thanki. Thanki ya Paterson imafuna mamililita 290 pa filimu ya 35mm ndi 500 pa filimu yaikulupo ya 120. Ndipo fixer asakhudze developer ngakhale pang'ono: chikho choyezera, chotakasira ndi fanulo zikhale zakezake, zolembedwa.

Pali china chimene anthu amachisokoneza ndi kutumbuluka. Negetivi yooneka ngati mkaka, yosapenyeka bwino, ndi fixer wotopa kapena nthawi yochepa. Mchere wa siliva ukadali momwemo. Imeneyi imachira: ibwezereni mu fixer watsopano msanga, kenako itsukuluzeni. Poyesa fixer, ikanimo kachidutswa ka filimu yosatsuka, werengani nthawi imene katenge kuti kaonekere, ndipo filimu yanu muiike kawiri nthawi imeneyo. Nthawiyo ikafika kawiri poyerekeza ndi pamene fixer anali watsopano, wathera pomwepo. Mafilimu onga T-Max amatenga nthawi yaitaliko ndipo amatopetsa fixer msanga.

Filimu yeniyeniyo

Mpata wa pakati pa zithunzi ndi m'mphepete zikakhala zotuwa m'malo moonekera, chithunzi n'kukhala chofooka pamwamba pa kutuwako, ndi chifunga. Kutentha, zaka, ndi cheza chachilengedwe chimene chimadutsa ngakhale m'firiji zimapanga timadontho pa timibulu tosaona kuwala, uku mphamvu ya filimu ikutsika. Ya ISO yaikulu imakalamba msanga. Ojambula ambiri amaonjezera sitopu imodzi pa zaka 10 zilizonse filimu ya mitundu itapitirira tsiku lake, koma ndi kuyerekeza chabe, poti simudziwa kumene inagona. Makina atsopano a CT ounikira katundu pa mabwalo a ndege amatha kuchititsa chifunga filimu itangodutsamo kamodzi. Pemphani kuti aione ndi manja.

Chithunzi chobisika nachonso chimasuluka. Kadontho ka maatomu 4 kakataya imodzi kapena ziwiri kamasiya kuitana developer, ndipo timadontho tating'ono chotero tili m'mithunzi. Mafilimu ambiri amapirira nthawi yaitali, koma Ilford Pan F Plus amadziwika kuti sachedwa kusuluka, ndipo ndi bwino kumutsuka isanathe miyezi 3. Zilembo zake za m'mphepete nazo zimatuwa ndi nthawi, ndiye pa filimu imeneyi dalirani lilime.

Filimu ya mitundu imakola kuwala ndi timibulu tomweti, toyalidwa m'magawo omva kuwala kwa buluu, kobiriwira ndi kofiira. Pamene siliva akupangika, pomwepo pamapangikanso utoto, kenako siliva amachotsedwa utoto n'kutsala. Mtundu wa olenji wa negetivi yake ndi wachibadwa, si vuto. Developer wa C-41 amafuna madigiri 37.8 kwa mphindi 3 ndi masekondi 15, ndipo akazizira pang'ono mitundu imapotoka. Mafilimu ochokera m'makamera osiyana akamatuluka ofooka ndi zilembo zotuwa pamalo amodzi otsukitsira, yesani malo ena. Pa filimu ya silaidi, imene imatuluka chithunzi chenicheni osati negetivi, zonse n'zotembenuka: yotumbuluka ndi imene inalandira kuwala kochuluka.

Filimu imodzi yoyesera

Mukafika pano musanatsimikize, perekani filimu imodzi yatsopano ndi mankhwala atsopano, osasintha china chilichonse. Sankhani malo okhala ndi chinthu choyera chowalidwa ndi dzuwa komanso mthunzi wokhala ndi zooneka, monga nsalu yakuda yamizere. Ikani kamera poti musankhe nokha liwiro ndi bowo la lenzi. Jambulani monga mita yanenera, kenako muonjezere sitopu imodzi, ziwiri, kenako muchepetse imodzi, ziwiri. M'chithunzi chilichonse muike pepala lolembapo zimene mwasankha. Jambulaninso chimodzi lenzi itavundikiridwa kuti mukhale ndi muyeso wa filimu yopanda kanthu.

Zotsalazo yeserani shutter pa khoma lopanda zokongoletsa, kuwala kusakusintha: 1/60 pa f/16, 1/125 pa f/11, 1/250 pa f/8, 1/500 pa f/5.6, 1/1000 pa f/4. Zonsezi ndi kuwala kofanana, ndiye ziyenera kuda mofanana kuchokera ngodya ina mpaka ina. Chosiyana ndi zinzake chikuonetsa liwiro lodwala.

Mukatsuka, yang'anani mithunzi kaye. Pezani chithunzi choyamba chimene mizere ya nsalu yakuda ija ikuoneka bwino pa negetivi. Ngati ndi chimene munaonjezera sitopu imodzi, kuyambira lero filimu ya ISO 400 muziyeza pa 200 ndi kamera imeneyo, ndipo musachite nazo manyazi, poti nambala ya pa bokosi inayezedwa ndi zida za kufakitale, osati ndi mita yanu ndi thanki yanu. Mithunzi ikakhala m'malo, onani chinthu choyera chija pa chithunzi chomwecho. Chikakhala chosada mokwanira onjezerani nthawi ya m'thanki ndi 10 kapena 15 peresenti pa filimu yotsatira, chikada moti zooneka zake zatsekeka dulani ndi mlingo womwewo.

Manegetivi amene anatuluka kale otumbuluka musawataye. Amene anachepa nthawi ya m'thanki amasindikizika bwino pa pepala lokhwimitsa kusiyana kwa kuda ndi kuyera, ndipo kuwaviika mu selenium toner kumawaonjezera mphamvu pang'ono, bola muvale magolovesi ndi kutsegula mawindo chifukwa ndi poizoni. Amene anachepa kuwala, asikaneninso mutazimitsa kukonza kwa makina, ndipo mithunzi muilole ide bii m'malo moikokera kuti ituwe, chifukwa timadontho timabisala malo akuda akakhaladi akuda.